Maungu a Malemu ndi Tsache Langa

Lamlungu, 5 Januwale
Kutentha kuja kukadalipo. Mvula inangonyowetsa fumbi n'kupita. Maungu akuchita maluwa, koma timaungu tikufota n'kugwa. Mbewu imeneyi ndi ya malemu bambo a ana, ndipo njere zomaliza ndi zomwe ndinadzalazi. Ikandithera m'manja ndidzati chiyani?
Abusa lero akuti dziko latentha, ndipo munda Mulungu sanatipatse tokha. Tisiyireko njuchi ndi mbalame kangodya kosasesa, kosathira mankhwala. Kosasesa! Nanga njoka? Nanga anthu odutsa adzati chiyani?

Lachitatu, 8 Januwale
Njuchi palibe ndi imodzi yomwe. Ntchito yawo ndayamba kugwira ndekha: nthenga ya nkhuku, kuchoka pa duwa lalimuna kupita pa lalikazi, m'mawa maluwa asanatseke. Diso lamanzere chifunga chokhachokha, mwina ndikuphonya. Kambale ka madzi ndaika m'mbali mwa mpanda, timiyala mkati kuti njuchi zikabwera zisamire. Apo ndamvera abusa. Koma kusesa ndasesa. Mpongozi wanga akuti, "Amayi, mumasesa ngati mwataya singano."

Lolemba, 13 Januwale
Mawa kuchipatala, akandichotse ng'ala m'diso lija. Akuti ndikatuluka ndikakhale kwa mchemwali, osawerama, osakhudza fumbi. Mpongozi ndamuonetsa za nthenga, iye maso pa foni. Ambuye, maunguwa ndasiya m'manja mwanu, poti m'manja mwinamu ayi.

Loweruka, 8 Febuluwale
Ndabwera. Diso likuona mpaka zimene sindinafune kuona. Bwalo lonse thengo! Chisoso mpaka m'mawondo, zinyalala mbwee. Nthenga ili pawindo pomwe ndinaisiya. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, kenaka ndinamva kaphokoso. Njuchi. Pa maluwa a chisoso, pa kambale, zina kumira m'maluwa a maungu. Pansi pa masamba pali maungu, lina ngati mutu wa khanda. Mpongozi akuti madzi okha sanaiwale. Ndinakhala pakhonde n'kulira ndi diso latsopano lomweli. Zikomo Ambuye, mwagwiritsa ntchito ngakhale ulesi wa mwanayu.

Lamlungu, 9 Febuluwale
Mbewu ya bambo yapulumuka. Dzungu lalikulu ndalimanga kansalu, wina asalikhudze.
Tsache ndinalitenga m'mawa, manja anazolowera. Ndasesa kanjira kokha, kuchoka pakhomo kufika pageti. Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda: "Kodi simunachirebe?" Ndati ndachira, koma kuno kuli alendo.
Za njoka ndikuopabe.