Za M'mbale Yofiira Si Mabisiketi

Wendell,

Usadye zimene zili m'mbale yofiirayo. Si mabisiketi, ndi zidole za ufa ndi mchere zimene taumba ndi anawa kuti tikoleke mumtengo wa Khirisimasi. Zauma gwa ngati miyala. Bambo ako angofika n'kuluma mutu wa mngelo wa Tessa, dzino lathyoka. Atagwira tsaya akuti, "Lorna mwanangu, ndi okoma, koma mchere wachulukako." Ndathamangira nawo kwa dokotala wa mano.

Ana ali kwa aneba. Tessa akulirabe, umuumbire mngelo wina wokhala ndi mutu.

Pepa, sindinaphike. Mabisiketi enieniwo ana awakoleka mumtengomo. Ukamva njala kadye kumeneko, koma fulumira, galu wamaliza kale a m'nthambi zam'munsi.

Lorna