Gule Amene Amayi Sanamuone

Papita zaka zinayi chitisiyireni, bambo athu Bonface Kachigamba. Akazi anu a NyaManda akadali m'nyumba ija ya ku Kande, ndipo nsanje yawo sinathe.

Mkazi wina panalibe, ayi. Mlandu unali wa anyezi. Munkamutenga kukhitchini osapempha, n'kumukhazika pakamwa pa mabotolo a madzi pazenera kuti atulutse mizu. Nsonga za mizuyo munkapita nazo kusekondale ku Chintheche, kukaonetsa ana pa maikulosikopu mmene selo limodzi limagawikirana n'kukhala awiri ofanana: timaulusi ta makromozomu tifole pakati, kenako tikokedwe, tina uku tina uko. Mukabwera kunyumba nkhope ili ngwee, nkhani inali yomweyo basi. Amayi ankadandaula za ndiwo zopanda anyezi, koma ife ana tinkadziwa chimene chinkawawawa: nthabwala zanu zokoma munkakazithera kwa ana a eni.

Adokotala atanena kuti ndi khansa, munatikhazika pansi n'kutifotokozera mofatsa kuti maselo a m'chiwindi mwanu aiwala kuleka kugawikana. Munatilangiza kuti tisakaloze munthu chala. Ngakhale pamenepo ophunzira anu ankadzaza pakhonde, amayi ali chiimire pakhomo, phala likuzizira m'manja, kudikira mpata woti mukhale awiriwiri. Mpatawo sunapezeke.

Mwezi wathawu, m'minibasi yopita ku Tukombo, amayi anakumana ndi Chrissy, mtsikana amene munamuphunzitsa, pano ndi namwino. Anawauza, uku akufa ndi phwete, kuti tsiku lina kalasi itakanika kumva, munavula jekete n'kuvina kutsogolo, manja ali tambasu, kutsanzira makromozomu akupatukana, ndipo palibe anaiwalanso phunzirolo. Amayi anamwetulira, anamuthokoza. Atafika kunyumba anakhala pamkeka mpaka chakudya chinazizira. Chikwatiraneni, ngakhale pa tsiku la ukwati lenilenilo, iwo sanakuonenipo mukuvina.

Akukulirani a NyaManda, amene akufunabe gawo lawo. Tikukulirani ife ana anu, Jobe ndi Tawina, pamodzi ndi mdzukulu wanu Khumbo, amene anabadwa mutapita ndipo amakudziwani pa chithunzi chili pamwambachi.

Ophunzira anu ali mbwee dziko lonse, koma munali athu, bambo, ndipo sitidzakuiwalani.