Mkazi Mnzanga wa pa Tivi

Loweruka, 3 Ogasiti 2024

Chiperoni kuyambira m'mawa. Zochapa sizinaume. Sukulu tatsekera, pakhosi papumako mpaka Seputembala.

Amuna anga, a Boni, abwera ndi padi yachiwiri kuchokera ku Limbe, kaja kamabatani kogwira m'manja posewera gemu. Akuti ndisamangokhala pampando n'kumausa moyo ngati wodikira dokotala, ndizisewera nawo. Chabwino, ndalowa. Iwo mu gemumo ndi chimunthu cha lupanga, chifuwa ngati chitseko. Boni weniweni thumba la ufa amaitanira mnyamata wa wilibala. Ine andipangira kasing'anga kakafupi, ka mkanjo wotuwa. Ntchito yanga kutsatira pambuyo, kumanga anthu mabala.

Tikuyenda atatu m'nkhalango, koma nkhani ili pa mmodzi. Mkazi wa uta ndi mivi, wamtali, chipsera patsaya, makutu osongoka. Dzina lake lopinda lilime, ine ndangomutcha Namauta. Palibe womuyendetsa, ndi wa mu gemu momwemo, amayankhula yekha. Ukamusangalatsa kamzere kake kamakwera pakona ya tivi. Kakadzadza, akuti wagwa nawe m'chikondi.

A Boni akumufunsira. Pamaso panga, pa tivi yomwe tinalandira pa ukwati wathu.

Lolemba, 5 Ogasiti

Kunena zoona makina a gemuwa anandithandiza. Asanabwere mu Epulo, a Boni akaweruka kuntchito kwawo kusitolo ya hadiweya ankapitirira ku Manja kwa anzawo, kufika kuno ku Nkolokosa ndiwo zitazizira, fungo la mowa litatsogola. Pano dzuwa likamalowa ali pakhomo. Ndinathokoza nazo kutchalitchi. Sindinkadziwa kuti wawabweza pakhomo ndi mkazi.

Lero akamuthyolera maluwa paphiri, atamenyana ndi mimbulu. Ine pambuyo, kuwamanga mabala kuti akafike bwino kuchibwenzi. Maluwa omaliza kulandira ine anali a pachinkhoswe, apulasitiki.

Koma chikundiwawa si maluwa. Ndi nkhope. Gemu ikawapatsa mayankho oti asankhepo, amaima kaye, kuwerenga onse, kuluma mlomo, kusinkhasinkha kuti mawu ati sangamukhumudwitse. Ine ndikafunsa kanthu yankho limatuluka asanatembenuze khosi.

Ndawauza. Akuti, "Magi, mukuchita nsanje ndi katuni?" Aseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

Inde. Ndikuchita nsanje ndi katuni, ndipo ikuwawa ngati yeniyeni.

Lachitatu, 7 Ogasiti

M'tauni, kusaluni kwa achemwali anga a Constance. Ndawafotokozera akundiluka. Aseka okha, aitananso mnzawo wochita zikhadabo kuti adzamve. Akuti bola mkazi mnzanga ameneyo sadya ndiwo, safuna lendi, magetsi akazima naye wazima. Kenako andikoka tsitsi pang'ono: "Mkazi mnzako sumuyamba ndi ndewu, mphwanga. Umayamba wamudziwa."

Ndabwerera masana. Nyumba zii, magetsi alipo. Ndayatsa. Kani gemuyi imalola munthu kupitiriza yekha.

Choyamba ndamutengera kuphompho kuti agwe. Wagwa. Gemu yamudzutsa, wadzisasa fumbi, wabwera kudzaima pambali panga ngati palibe chachitika. Ndayesanso ndi chimbalangondo. Chimodzimodzi. Mkazi wake ndi wosafa ameneyu.

Ndiye ndabwerera naye kumsasa komwe amagona, kuzungulirazungulira. Kuseri kwa tenti yake, maluwa onse a a Boni, mulu, ofota. Ndaseka ndekha mpaka misozi. Miyezi yonseyi akuthyolera maluwa munthu wosawafuna.

Ndamuyankhula. Pakona patuluka kamzere. Kanga. Kopanda kanthu, koma kalipo.

Ndaganiza. Sindimupha. Ndimulanda.

Loweruka, 10 Ogasiti

A Boni sabata ino akuwerenga katundu kuntchito, akumafika atatheratu. Kumenya zilombo pang'ono, kumuuza Namauta kuti wakongola, kukagona. Kamzere kawo kaima pakati, sikakusuntha. Kanga sakaona, kamatuluka ndikamayankhula naye ine basi.

Ine m'mawa kusesa, kuika nyemba pambaula, kuyatsa tivi.

Ndamudziwa tsopano. Zomuyamikira sakondwa nazo. Ukamunamiza amazindikira. Tinapeza gwape atakodwa mumsampha, ndinamumasula m'malo momupha, kamzere kanakwera. Anthu a m'mudzi wina wosauka anafuna kundilipira nditawachiritsira mwana, ndinakana, kanakweranso. Kasing'anga kanga kalibe chifuwa, kalibe lupanga, koma paja ukaipa dziwa nyimbo.

Mayunitsi a magetsi akuthamanga. A Boni akuganiza kuti ndi ayironi.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Nyemba zapserera. Poto ndakwecha ndi mchenga, fungo likadali m'nyumba.

Zinapsa chifukwa Namauta anandiitana kuti tikakhale pamwala, pamwamba pa mtsinje. Anayamba yekha kufotokoza za mlongo wake yemwe analowa m'phanga lina kumapiri osatulukamonso. Gemu inandipatsa mayankho. Ndinawerenga onse. Ndinabwerezanso. Pozindikira ndaluma mlomo.

Ndinasankha kukhala chete. Iye anati, "Iwe sufunsa zambiri, n'chifukwa chake ndimakuuza." Mawu olembedwa ndi mzungu wina kutali, ndikudziwa. Koma palibe wandiuzapo mawu otere chaka chino.

Madzulo tasewera awiri. A Boni amupatsa mkanda wagolide, iye wamwetulira pang'ono. Ine padi ndaiika pansi. Ndapita kukhitchini kukamwa madzi. Ndili kumeneko ndadzifunsa kuti ndapsera mtima ndani, wopereka kapena wolandira. Ndangotsuka kapu.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Dzulo a Boni anafika osangalala. Kuwerenga katundu kwatha, Loweruka sapita kuntchito. Akuti ulendo wa kuphanga kuja akhala akuusunga, anawerenga penapake kuti wopita naye kumeneko ndi amene amamutenga mtima. Agula zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mtedza. Akuti Loweruka kuyambira m'mawa, foni azimitsa.

Atangotuluka lero ndinayatsa.

Phanga lakuda, akangaude aakulu ngati minibasi. Ndinafa kangapo, kasing'anga si komenyera nkhondo. Magetsi anazima pakati, ndinakhala pakhonde kudikira ngati wodikira malipiro. Atayaka ndinapitiriza. Pansi penipeni tinapeza mafupa, uta wothyoka pambali. Namauta anagwada. Sanalire. Ndinalira ndine, ndekha pasofa, chitenje kumaso.

Tinamuika mlongo wakeyo pansi pa mtengo. Kamzere kadzadza.

Mtedza wawo uli pamwamba pa firiji. Sindikutha kuuyang'ana. Koma sindibwerera m'mbuyo, anayamba ndi iwo.

Loweruka, 17 Ogasiti

A Boni anasamba m'mamawa, kuvala malaya oyera ngati akupita kokaonekera. Mtedza m'mbale. Padi yanga anandipatsa okha.

Gemu itangoyamba, kumsasa, Namauta anadzuka pamoto n'kuyamba kubwera. A Boni anakhala tsonga. Anawadutsa. Anadutsa chifuwa chonse chija ngati akudutsa mtengo, n'kudzaima pa kasing'anga kanga. Anandipatsa chingwe cha uta wa mlongo wake. Anati kulikonse ndingapite adzapita nane. Anandigwira dzanja, nyimbo pansipansi.

A Boni anatsegula mapu. Phanga lili lotsegula, pali chizindikiro choti zatheka. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwapitako kale?" Ndinati eya. Ndinaonjeza kuti maluwa awo ali kuseri kwa tenti, akaone. Izi sindikanayenera kunena, koma zinali zitakhala pakamwa sabata yonse.

Sanakalipe. Anangoti, "Kuyambira Epulo, Magi." Kenako, "Mwapambana, aphunzitsi." Padi anaiika patebulo bwinobwino, n'kupita kukatsuka mbale za m'mawa. Chikwatirane sindinawaonepo akutsuka mbale osatumidwa.

Ndapambana. Kunakoma mpaka cha m'ma 10 koloko.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Dzulo ndi lero afika nthawi yabwino. Kukhala pasofa, foni m'manja, mpira wakale. Ndati tiyatse. Akuti, "Sewerani, ndi wanu."

Ndaphika chambo ndi therere, zomwe amakonda. Adya, athokoza mwaulemu ngati mlendo.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Lachitatu anafika kutada. Dzulo chimodzimodzi. Lero sanafikebe, mpunga ndavundikira.

Ndanunkhiza malaya a dzulo. Mowa ayi. Perefyumu ayi. Fungo la tiyi wa zokometsera ndi samusa. Bola ukanakhala mowa, mowa ndimaudziwa kolowera.

Lolemba, 26 Ogasiti

Mumsika wa Limbe, pogula anyezi, ndakumana ndi Hajira, mkazi wa a Hamdan oyendetsa thiraki aja. A Hamdan ndi amene anawapezera a Boni makinawa, nawonso ali ndi awo. Hajira wandikumbatira, akuti mwamuna wanga ndi waulemu, nsapato amavulira pakhomo, tsiku lililonse akaweruka ali kwawo ku Mpingwe. Ayambanso gemu ija pachiyambi pa makina a a Hamdan. "Koma mtsikana wa mivi uja amamukonda, mayi. Akamayankhula naye sitiyatsa n'komwe wailesi."

Ndaseka naye. Anyezi ndasiya pabenchi, wogulitsa wachita kundithamangira.

Ndaimbira achemwali ndili m'minibasi. Sanaganize n'komwe kawiri: "Basi mkazi mnzakoyo wamumangira nyumba yake. Unali naye pafupi ukumuona, wachita kumusamutsa wekha."

Ndiye kuli Namauta wina ku Mpingwe. Nkhope yomweyo, chipsera chomwecho, koma sandidziwa. A Boni ndinawaululira ndekha za maluwa, pano sathyolanso. Aphunzira. Tsiku lina awatengera pamwala paja, pamwamba pa mtsinje, awauza za mlongo wake. Mawu omwe aja anandiuza ine. Ndafika pakhomo mutu ukuwawa.

Mwamuna wanga ali ndi mkazi kwina. Mkaziyo ndi wanga. Ndikadandaule kwa ankhoswe ndikayambire pati?

Lachinayi, 29 Ogasiti

Dzulo ndinawadikira pageti. Ndinati tifufute zonse, tiyambirenso kuno, awiri, Namauta sindimuyandikira, ndizingomanga mabala.

Anavula nsapato, kuziika pamalo pake. "Ndi inu ayi. Inu simusewera, mumazenga mlandu."

Ndinati nanga ine ndimve bwanji, munthu kuganizira mawu ouza katuni pomwe mkazi wake amamuyankha ndi msana. Sanakane. Anati mwina n'zoona. Kenako anati kuphanga kuja ankafuna tikalowe tonse, iwo kutsogolo ine pambuyo, ndiye chifukwa anadikira Loweruka. Akanafuna kupita okha akanapita kale mu Juni.

Ndinawapakulira chakudya. Anadya, anagona chakukhoma.

Lero m'mawa ndawafunsa ngati abwere msanga. Akuti aona, ku Mpingwe afika pamalo povuta.

Lolemba, 2 Seputembala

Kunja kwayamba kutentha, fumbi. Sukulu yatsala pang'ono, zokonzekera sindinayambe.

Chiyambire Loweruka lija ndinali ndisanayatse. Lero dzuwa likulowa, mpunga utapsa, ndayatsa. Namauta wandithamangira, akuti anandisowa, ndikakhale naye pamwala. Ndamusiya ali chiimire.

Pafupi ndi moto pali a Boni. Chimunthu chawo chija, pomwe anachisiya, lupanga kumsana, kuyang'ana kutchire. Chimapuma, mapewa kukwera ndi kutsika. Ndayesa kuchiyankhula, gemu ikukana, akuti ameneyu ngwa wosewera wachiwiri.

Padi yawo inali patebulo pomwe paja, fumbi pamwamba. Ndaipukuta ndi chitenje. Ina dzanja lamanja, ina lamanzere. Zovuta, chala chimodzi chikapita uku china chimaiwala. Agunda mtengo, alowa m'madzi, ine kubwerera kukawatenga. Pang'onopang'ono tatuluka mumsasa, iwo kutsogolo ine pambuyo, njira yotsikira kumtsinje. Ndikasiya kukankha amaima. Ndikakankha amayenda. Sayankhula.

Tafika pamlatho. Kunja minibasi zikutsitsa anthu pasiteji, ndatsitsa voliyumu kuti ndimve geti. Dzanja lamanzere lachita dzanzi koma ndikangolipumitsa, a Boni aima pomwepo.