Atate Anapita ndi Kapaipi Kawo

Achimwene Yakobe,

Muli bwanji ku Joniko pamodzi ndi alamu? Kuno ku Khuyu tili bwino, koma ine mtima sukukhazikika chichitikireni maliro a atate.

Atayamba kulephera kukodza, kuchipatala anawaika kapaipi kotulutsira mkodzo m'kathumba. Kanawathandiza ndithu, koma ankandiuza kuti, "Estere, ndikadzafa mudzandichotse kameneka, ndipite monga ndinabadwira." Amuna osambitsa mtembo ndinawauza, koma anaopa kukakoka. Ine mwana wamkazi sindikanalowa m'chipindamo. Atate anapita nako kumanda.

Tsopano ndikamachapa kunyanja ndimawaona ataima m'madzi, kathumba kali m'manja, akungondiyang'ana.

Mukanakhalapo inu, mukanalowa. Chonde bwerani tikawapepese limodzi. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Estere