Undidikire pa Katoto

Lachiwiri, 13 Julaye 1993

Achimwene Ackim abwera! Atsika basi ya ku Karonga ndi kachikwama kamodzi, mutu uli mbuu ndi imvi. Ndinawadutsa pa depoti osawazindikira mpaka anati, "Mabel, ndiwe?" Akuti anamva pa wailesi ku Mbeya, ku Tanzania, kuti othawa kwawo akhoza kubwerera. Ndalira ngati mwana, anthu akundiyang'ana.

Lachinayi, 15 Julaye

Mzuzu wawalandira ndi chisanu chake, akufunda mabulangete awiri. M'mawa a Iddi, anzawo aja a golosale kumsika, afika kuno ku Katawa ndi chinthu chokulunga m'chiguduli. Gitala! Achimwene anaisiya kwa iwo pothawa, ndipo yakhala kudenga kwa shopu zaka zonsezi pamodzi ndi makoswe. "Ine za nyimbo sindidziwako," atero a Iddi, "koma katundu wa mnzako sutaya." Achimwene angothokoza kuti yewo chomene.

Ndakumbukira kale. Mzuzu yense ankaimba nyimbo yawo ija, Undidikire pa Katoto, ya mtsikana wodikira pa siteji ya Katoto bwenzi lake lobwera pa basi yosafika. Ukwati uliwonse, bala iliyonse. Ine ndinkavina mpaka nsapato kuthyoka chidendene. Kenako wina anakanena kuti basi yosafikayo n'kunyoza boma, achimwene n'kuliyatsa liwiro la ku Tanzania. Nyimbo yachikondi chabe! Ndimawasowa masiku amenewo, ngakhale tinkayankhula monong'ona.

Loweruka, 17 Julaye

Achimwene amanga nsambo zatsopano pa gitala. Zala zinauma ndi ntchito youmba njerwa, koma khutu likadali lomwe lija. Mowa anasiya, anatembenuka mtima konko. Akufuna kulowa kwaya yathu. Chuni cha Katoto achiika mawu atsopano: "Undidikire Mbuye, ndili m'njira." Ndinasiya kuchapa n'kumangomvetsera.

Lachitatu, 21 Julaye

A Boniface, mkulu wa mpingo, akana. "Yayi adada, chuni icho chikununkha mowa." Ati aimbe za m'buku kapena akhale pa benchi. Achimwene ananyamula gitala yawo, tinatuluka. M'njira ati mwina angobwerera ku Mbeya, kumpingo kwawo ankawalola kuimba.

Koma a Boniface omwewa! Paukwati wawo anavina nyimbo yomweyi mpaka thalauza kung'ambika. Ine ndinalipo, ndinkagawa thobwa.

Lachisanu, 23 Julaye

Achimwene achapa zovala zawo zonse, chikwama chili pakhomo. Sindikuwayankhula.

Loweruka, 24 Julaye

Ndapita kwa a Nyagondwe, akazi a a Boniface, ngati ndikukabwereka sefa. Tikucheza ndinayamba kung'ung'udza chuni chija. Anaseka mpaka misozi. "Iwe Mabel ndiwe woipa chomene. Asiye, ndiyankhula nawo."

Yankho lafika madzulo: achimwene aimbe kamodzi kokha, nthawi ya chopereka, ndipo pasapezeke wogwedeza chiuno.

Lamulungu, 25 Julaye

Achimwene anaimirira kutsogolo atavala jekete yobwereka kwa a Iddi. Ndime yoyamba tchalitchi chinali zii. Pofika pa kolasi, amayi a kumbuyo anaivomera ndi mphamvu, abambo nawo n'kulowerera, koma ndi mawu akale! "Undidikire pa Katoto," tchalitchi chonse, mbale ya chopereka ikuyenda. Ine manyazi anandigwira, ndinati basi, wathu wapita ku Mbeya.

Achimwene anasiya gitala n'kuzyolika. A Boniface anadzuka nkhope ili gwa, n'kuyenda mpaka kutsogolo. Anatsokomola kaye.

"Mwaphonya nonse," anatero. "Ndi ine ndemwe. A Ackim, Lachitatu mubwere ku kwaya mudzatiphunzitse mawu atsopanowo, tisadzachitenso manyazi pamaso pa Chiuta."

Titafika kunyumba chikwama chija achikankhira pansi pa bedi, ndipo andifunsa ngati ndili ndi bulangete lina.