Nkhope Yanga pa Bulogu ya Monalisa

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Ndilemba muno chifukwa ndilibe womuuza. Mwamuna wanga Webster ali ku ntchito ku loji ku Chinzombo mpaka mwezi uthe, ndipo izi si zokamba pa foni.

Madamu Esnati, aja ophunzitsa makompyuta ku sukulu, anandipeza pa mjigo. Ati amake Winnie, mukatula madzi mubwere ku sukulu, musauze munthu. Nditafika anandikhazika pa mpando n'kutembenuza kompyuta. Pa chithunzi ndi ine! Ndanyamula Winnie, mwendo wake uli ndi bandeji, waya uli m'dzanja langa. Chitseko chathu cha buluu chili kumbuyo.

Ati iyi imatchedwa bulogu. Ili ngati kabuku konga kano, koma ka pa intaneti, aliyense atha kuwerenga. Mwini wake ndi Monalisa, mtsikana uja wa ku Lusaka wa bungwe la zanyama, amene anabwera ndi masikauti, alonda a nyama zakutchire, mu Julayi. Pojambula anati ndi za lipoti la ku ofesi chabe. Madamu anandimasulira Chizungu chake: mayi wolimba mtima wa ku Malama amene anauza masikauti komwe kunali mawaya, mwana wake atakodwa.

Mudzi wonse umadziwa kuti Winnie anachekedwa ndi lata. Ndinawauza choncho ndine. Zoona zake anakodwa mu waya wa a Onesmus kuseri kwa dimba, wotchera mbawala. A Onesmus tsopano ali m'ndende ku Chipata, ndipo ndi msuweni wa Webster. Chaka chatha kutsidya kwa mtsinje anatenthera munthu nkhokwe pongomuganizira chabe kuti anaulula kwa masikauti. Nanga ine wa chithunzi?

Madamu ati Lachisanu lililonse bungwelo limaponya nkhani zake mu gulu la WhatsApp la komiti ya zanyama. A Japhet, mng'ono wa a Onesmus, alimo m'gulumo.

Koma Lachisanu si lero. Chichoka chithunzi chimenechi.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Ndili ndi imelo! Ine, wa giredi 7.

Ndinaphika msanga, Winnie kumsana, 13 hrs ndili kale ku sukulu. Madamu ati pansi pa bulogu pali keyala ya Monalisa, koma kuti timulembere ndiyenera kukhala ndi yanga. Ndinafunsa zingati. Anaseka. Ati Gmail ndi yaulere mayi, bulogu nayonso Monalisa sanagule, n'chifukwa chake aliyense amangolemba zimene wafuna.

Kamausi, koyendetsera kamuvi pa kompyuta, kanandivuta poyamba. Ndikafuna kumanja kathawira kumwamba. Zilembo nazo sizili mu mzere wa ABC, zamwazikana ngati nkhuku zikaona kabawi. T ndinamusaka mpaka Madamu anati, uyo ali pamphuno panu, amake Winnie. Pa pasiwedi anatembenukira ku zenera, ati ngakhale ine ndisaione. Sindiilemba muno.

Ndimafuna kuti andilembere m'Chizungu. Anakana. Ati Monalisa amamva Chinyanja, ndipo akamva mawu anu enieni adzachita manyazi msanga. Ndinalemba ndekha ndi chala chimodzi:

Muli bwanji a Monalisa. Ndine Tabeth amake Winnie. Chonde chotsani chithunzi changa lisanafike Lachisanu. Munati ndi cha ku ofesi. Kuno akadziwa atiotchera nyumba.

Netiweki inapita kawiri. Kachitatu inalemba kuti yatumizidwa. Winnie anadya choko cha Madamu, pakamwa mbuu.

Pobwerera ndinakumana ndi a Japhet pa njinga. Mwaswera bwanji alamu. Ndaswera, kaya inu. Mawu anatuluka bwinobwino, ndinadzidabwa.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndalakwa. Mayo ine, ndalakwa ndi manja anga.

M'mawa kunalibe yankho. Madamu anali ndi a giredi 9, anandisiya ndekha kuti ndidikire. Ndinatsegula bulogu ndekha, ndinali nditaloweza njira. Pansi pa chithunzi ndinaona kabokosi kopanda kanthu, ndi malo olemba dzina. Ndinati ehe, apa ndiye pakhomo pake penipeni, imelo mwina imachedwa ngati ya ku positi. Ndinalemba. Kuti asandisokoneze ndi wina ndinaika dzina lonse ndi mudzi, n'kuwonjeza kuti ndine uja ndinauza masikauti za a Onesmus. Ndinadina. Zinapita msanga, ndinakondwa.

Madamu atalowa ndinawaonetsa monyada. Anagwira kumutu. Ati amake Winnie, iyi si kalata, apa ndi pamene owerenga amasiya ndemanga, ndi pabwalo! Monalisa sanatchule dzina lanu, mwadzitchula nokha.

Anayesa kufufuta, zinakana. Ati popeza ndinangolemba dzina osalowa ndi imelo yanga, wofufuta ndi mwini bulogu yekha.

Ndinatuluka kukalira kuseri kwa kalasi.

Lachitatu lomwelo, madzulo

Kulira ndalira, kwakwana. Imelo ikachedwa, foni ilipo. Nambala ya Monalisa ali nayo ndi a Amon, sikauti amene ndinamuuza za mawaya. Vuto, munthu sangapite ku kampu ya masikauti manja lendelende, maso ndi ambiri. Ndinathyola matimati, beseni pamutu, ndikufuula njira yonse ngati masiku onse. Pa golosale wina anati, masikauti okha ndiwo amadya matimati? Ndinati iwo sadandaula mtengo ngati inu. Anaseka onse.

A Charity, akazi a a Amon, anasankha matimati pang'onopang'ono uku ndikuwanong'oneza. Analowa m'nyumba, potuluka anandibwezera beseni muli kapepala ka nambala pansi pa masamba.

Tinaimba ndi foni ya Madamu. Yozima. Ndinati mawa 7 hrs ndili pano.

Lachinayi, 10 Okutobala

Monalisa wayankha foni! Anali ku mapiri kopanda netiweki, imelo anali asanaione. Chinyanja chake cha ku tauni: "Iyee ba mayi, sore maningi, sininaganize. Nenze kufuna chabe bantu baone kuti ndimwe olimba." Ndinati kulimba kwanga kukhale kwa ine ndekha, inu fufutani. Madamu ananditsina kuti ndichepetse mawu. Sindinachepetse.

Ndemanga yanga anaifufuta tili pa foni pomwepo. Madamu anadina kuti tsamba libwerenso, dzina langa palibe. Ndinapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Monalisa ati bulogu imamuonetsa kuti dzulo anatsegula anthu 6 chabe, ndipo ambiri ndi akunja. Enawo mwina ndife tomwe.

Koma nkhani yonse ati sangachotse, abwana ake anaitumiza kale kwa azungu othandiza bungwe, ndipo payenera kukhala chithunzi. Ati dikirani, ndibisa nkhope. Patapita mphindi 20 imelo inalowa, yoyamba m'moyo wanga. Ndinatsegula ndekha.

Ndinaseka mpaka Winnie anadzidzimuka. Nkhope yanga waipaka ngati utsi, ya Winnie chimodzimodzi, basi ati wabisa. Chitenje changa cha nsomba zofiira chili pomwepo, chimene ndimavala pa maliro aliwonse. Chitseko cha buluu, m'mudzi monse ndi chathu chokha. Mtengo wa msawu wopindika. Ngakhale mbuzi ya apongozi yothyoka nyanga yasuzumira m'mbali! Ku Lusaka kapena amadziwana ndi nkhope. Kuno munthu amakudziwa uli kutali kumunda utawerama, nkhope asanaione.

Ndinauza Madamu kuti ndikonza ndekha, andionetse chabe mpeni wake. Pa kompyuta ya sukulu pali pulogalamu ya zithunzi, ati dzina lake Gimpu, nayonso yaulere. Ili ndi tizizindikiro tambirimbiri, ndinati izi ndi za ma digiri. Madamu ati inu mufuna tiwiri chabe, kodulira ndi kopakira.

Kudula n'kosavuta. Ukoka kabokosi, za kunja kwake zimagwa. Koyamba ndinadula waya womwe, kunatsala mbuzi yokha. Madamu anagwa nako kuseka, ati tumizani yomweyo. Anandionetsa mabatani awiri obwezera m'mbuyo ukalakwitsa. Ndinati dzulo anali kuti amenewa? Ati pa intaneti sagwira.

Kachinayi ndinakhoza. Kunatsala waya, dzanja logwira waya, ndi dothi. Ndinayang'anitsitsa ngati ndikusankha mpunga. Pa dzanja panali kachibangili kanga ka mkuwa, ndi kansonga ka chitenje pakona. Ndinatenga kopakira, ndinatola mtundu wa dothi, ndinapaka kansongako. Chibangili ndinapaka mtundu wa khungu. Ndinamaliza. Madamu anabwerera m'mbuyo masitepe atatu, anayang'ana, ati ili ndi dzanja la aliyense.

Kutumiza kunakana, netiweki yofooka, chithunzi cholemera. Tinachichepetsa mu Gimpu momwemo mpaka chinapepuka, chinapita.

Mawu nawonso ndinauza Monalisa pa foni asinthe. Pasakhale mayi, pasakhale mwana, pasakhale Malama. Alembe kuti masikauti anapeza mawaya ali pa patrolo. Anati koma nkhani sizakoma. Ndinati ikome ya wina.

Pofika 16 hrs anali asanasinthe. Ati abwana avomereze kaye. Batire la sola linatha, kompyuta inazima.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ku sukulu sikunatheke, kunabwera akuluakulu a maphunziro kuchokera ku Mambwe, chipinda cha makompyuta anakhalamo iwo. Madamu sanathe ngakhale kutuluka. Ndinaima pa geti kanthawi, ndinabwerera osadziwa ngati chasinthidwa.

Ndinalongedza zovala za Winnie ndi kadi lake la sikelo mu chikwama, ndinabisa kuseri kwa chitseko. Zikavuta ndithawira kwa amayi.

Cha m'ma 11 ndinapita pa golosale kukagula sopo. Kukhala m'nyumba kukanandipenga. A Japhet anali pa benchi ndi anzawo awiri. Foni ya a Japhet inalira. Ndinaima pomwepo. Anawerenga, nkhope inasintha.

"Alamu, tabwerani muone."

Ndinapita. Ndikanatani? Winnie kumsana akuimba zake.

Anandipatsa foni m'manja. Waya, dzanja, dothi. Changa chija, chodula ine. M'mawu ake dzina la Malama mulibe.

"Waya wa akulu anga uwu, ndaudziwa mapotedwe ake. Anthu awa alibe manyazi, munthu ali m'ndende iwo akumuonetsa dziko lonse. Koma dzanja ili si la sikauti. Ndi la mzimayi."

Mnzawo anati likulitse tione. A Japhet anatenga foni, anatambasula ndi zala ziwiri. Dzanja linasweka kukhala timabokosi timabokosi ta bulauni. Anatambasulanso. Timabokosi tokulirapo.

"Ndi la mtsikana wa ku Lusaka uja," anatero mnzawoyo. "Amakonda kugwiragwira zinthu pojambula."

A Japhet anatsonya, foni m'thumba. Kenako anayang'ana ine. "Nanga inu alamu mwangoti duu, mwaona mzukwa?"

Ndinati ndikuwerenga Chizungu, chimandichedwetsa. Anaseka, ati Chizungu cha giredi 7 chisiyeni, gulani sopo wanu.

Ndagula. Ndafika. Chikwama ndamasula, kadiresi ka Winnie kakwinyika, ndikasita mawa.