Kashibaki ya pa Maliro a Watson

Hull, England
19 Novembala 2006

Okondedwa achemwali anga Asimenye,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi banja lonse kumeneko ku Ntcheu. Ife kuno tikudzuka ndithu. Ine ndikadali ku wodi ya okalamba ija, miyendo ikumatupa ndikaweruka koma ntchito ikuyenda. Mwana wathu Kondie watalika mpaka wandifika paphewa. Mukamulankhula Chichewa amamva zonse, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi ngati tinachita kumutola m'basi. Nsalu munanditumizira ija inafika, zikomo kwambiri.

Pa foni tsiku lija munandifunsa kuti bwanji alamu anu sakumveka masiku ano, ine n'kunamizira kuti mayunitsi atha. Sanathe ayi. Eni akewo anali atakhala pafupi nane, ndipo nkhaniyo si yokambira pa foni. Ndiye ndati ndilembe.

Alamu anu a Dunstan mukuwadziwa. Munthu amene anaphunzitsa masamu kusekondale zaka zonse zija sangasiye kuwerengera chifukwa choti wakwera ndege. Kuno amalongedza makatoni a nsomba zozizira m'nyumba yosungiramo katundu kufupi ndi doko, ndipo palibe amene amawafunsako za masamu. Sadandaula, koma ine ndimaona. Ntchito yodziwika ndi yanga, mapepala okhalira m'dziko muno ali pa dzina langa, iwo amangotchedwa mwamuna wa nesi. Zimenezi zimawadya mumtima.

Chaka chatha mabanki anayamba kutiponyera timapepala pakhomo, kutinyengerera kuti titenge makhadi ogulira zinthu pa ngongole. Mumagula ndi khadi, banki n'kukulipirirani, inu n'kudzabweza pakutha pa mwezi. Mukabweza zonse palibe choonjezera, koma mukasiyako ngakhale pang'ono, chiwongoladzanja chake n'chakatapila. Tsono ena mwa makhadiwa ali ndi nyambo imene amati kashibaki. Pa paundi iliyonse imene mwagulira chinthu, banki imakubwezerani kakobiri, ndipo timakobirito amatiphatikiza n'kukupatsani kamodzi pachaka.

Ine timapepalato ndinkangotaya m'bini. Alamu anu anatitola m'bini momwemo n'kutiyala pa thebulo lodyera, mpaka tinayamba kudyera pamiyendo. Ndikangobwera kuntchito, kalasi yayamba. Khadi iyi akuti imabweza theka la peni pa paundi. Iyi imabweza mapeni atatu, koma miyezi yoyamba yokha, kenako imagwa chagada. Iyo sibweza ndalama koma mapointi okagulira m'sitolo imodzi yokha, yomwenso kuti ukafikeko uyenera kukwera mabasi awiri. Ina imabweza bwino ndithu koma imalipiritsa chaka ndi chaka, ndiye chobwezacho chimathera momwemo.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo a Kondie, ndiye chaka chikatha tipezapo zingati?"

Anati, "Tikasamala, mapaundi makumi asanu, mwinanso kuposerapo."

Ndinaseka. Ndinati imeneyo sikwana n'komwe shifiti imodzi ya Lamlungu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Mayi a Kondie, shifiti ndi thukuta. Iyi ndi nzeru."

Ndinawasiya, chifukwa chibwerereni kuno ndinali ndisanawaonepo akusangalala chotero. Anasankha yobweza peni imodzi pa paundi, yosalipiritsa kanthu pachaka, n'kudziikira lamulo limene ankalinena ngati vesi loloweza: khadi iyi sidzagona ndi ngongole ngakhale mwezi umodzi.

Muyenera kudziwa kuti Amalawi ambiri kuno, makamaka amene nkhani zawo za mapepala sizinathe, banki siwapatsa khadi yotere. Ndiye wofuna tikiti yotchipa ya pa kompyuta, wofuna firiji, wofuna jekete la mwana, ankabwera kwathu ndi ndalama m'manja, alamu anu n'kumulipirira ndi khadi. Aliyense ankadziwa kuti kakobiri kaja kakutsalira iwo, ndipo palibe amene ankaona vuto. Ankangowaseka kuti a Kashibaki afika. Dzinalo analikonda. Mpaka anawasankha kukhala msungichuma wa gulu lathu la Amalawi limene limakumana mwezi ndi mwezi ku Wakefield kupemphera ndi kuthandizana. Tsiku limenelo anabwera kunyumba akuimba, munthu woti ngakhale kutchalitchi amangogwedeza milomo.

Za imfa ya Watson, Mmalawi mnzathu wa kuno uja, mukudziwa, popeza munali nawo kumanda, ndipo mayi ake mumaimba nawo ku Mvano. Chimene simukudziwa ndi mmene thupi lake linafikira kumeneko. Atamwalira mwadzidzidzi muja mu Seputembala, tinasonkhana ku Wakefield kwa mlongo wake Phyllis, amene amasamalira okalamba m'nyumba ina kumeneko. Kanyumba kake ndi kakang'ono, amayi tinakhala pansi, abambo pa masitepe. Kutumiza maliro kumudzi kuchokera kuno ndi mapaundi opitirira zikwi zitatu. Mbale ya chipepeso inazungulira, ena anaponya zomwe anali nazo, ambiri analonjeza kuti adzapereka akalandira. Koma kampani yokonza maliro sidikira malonjezo. Anati akapanda kulipidwa sabata yomweyo malo a mu ndege atayika, ndipo kusunga thupi nakonso n'kolipira. Phyllis anali atayamba kale kulira kuti mchimwene wake aikidwa m'dothi la eni, mayi ake osamuona nkhope. Alamu anu anangotulutsa khadi ija n'kulipira zonse, kuti anthu adzabweze pambuyo. Amayi ena anawagwadira ndithu pothokoza.

Pa msonkhano wa mwezi wotsatira anaimirira kupereka lipoti. Anati zonse zinalongosoka, palibe chotsala, anthu n'kuwomba m'manja. Akanakhala pansi pamenepo, bwenzi kalata ino ili ya nsalu ndi Kondie basi. Koma mphunzitsi akaona anthu akumumvetsera safuna kukhala pansi. Anamwetulira n'kunena kuti, "Komanso abale, taonani ubwino wa makhadi ndimakuuzani aja. Pa maliro amenewa tapindulapo. Banki ibweza mapaundi 32."

Achemwali, anthu m'holomo anangoyang'anizana. Ine ndinasowa poyang'ana.

A Overton, amene ndi wapampando wathu, anafunsa pang'onopang'ono kuti, "Tapindulapo ndani, a msungichuma? Ndalamayo ilowa kuti?"

Alamu anu, osaona kumene funsolo likupita, anayankha ngati ali m'kalasi. "Imalowa kwa mwini khadi, mu Januwale."

Ine ndikudziwa kuti ankafuna kupitiriza kuti ikadzalowa adzaipereka kwa anamfedwa, koma mpata sunapezeke. Phyllis anali ataimirira kale. Anati, "Ndiye kuti nthawi imene ife timalira, inu mumawerengera? Achimwene anga ali m'bokosi, inu mukuona kashibaki?" Anamanga chitenje n'kutuluka, amayi angapo n'kumutsatira.

Phyllis sindimuimba mlandu. Ndikanakhala ine ndikanachitanso chimodzimodzi. Kwathu ngakhale ufa wotsala pa maliro suchoka pakhomo pa anamfedwa, ndipo mawu oti phindu satchulidwa pamene pali misozi. Alamu anu mwambowu amaudziwa bwino lomwe, koma tsiku limenelo pakamwa panawathamangira.

Nkhani inayenda. Pofika ku Leeds mapaundi 32 aja anali atasanduka mazana atatu. Pofika ku Salford akuti tagula galimoto. Mayi wina ananena ine ndikumva kuti anthu olemerera pa mitembo amadziwika, kutanthauza kuti alamu anu ndi okhwima. Okhwima wake woyenda pa basi, atanyamula mpunga wadzulo m'kabakuli! Ndikanaseka, koma zinandipweteka kwambiri. Udindo wa msungichuma anawalanda. Pakhomo pathu sipafikanso munthu wofuna kugulidwa kanthu. Kutchalitchi kwathu kuno ku Hull, Amalawi anzathu amandipatsa moni ine n'kuwadumpha iwo, mpaka alamu anuwo anasiya kupitako. Anatenga mapaundi 32 a m'thumba mwawo, kukwera sitima mpaka ku Wakefield kuti akapereke kwa Phyllis n'kupepesa. Phyllis sanatsegule chitseko. Atawalowetsa pa kabowo ka makalata, iye anawatulutsira pomwepo, n'kugwera pamapazi awo.

Inenso ndinali nditawakwiyira, ndisakunamizeni. Lachiwiri lapitali ndinali pa ofu, iwonso anali asanapite kuntchito. Ndinatenga sizasi n'kuwauza kuti, "Bweretsani khadi ija ndiidule. Mawa muimbe foni kubanki, muitseke. Yatichotsa ulemu chifukwa cha mapeni."

Anati, "Kudula mukhoza kudula, koma kutseka sizitheka."

"Chifukwa chiyani?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya. "Ili ndi ngongole."

Ndinakhala pansi. Munthu wa lamulo uja?

Anati, "Malonjezo aja sanakwane, mayi a Kondie. Panatsala mapaundi 800. Ndinazungulira ndithu kutolera. Uyu amuchepetsera maola, uyu akudikirabe mapepala, akudya za mpingo. Phyllis mwini wake analonjeza mazana atatu pamaso pa anthu, koma alibe. Ndinaona m'khitchini mwake, ndinalephera kumukumbutsa."

"Ndiye munaimirira n'kunena kuti palibe chotsala?"

"Nanga ndikanatani? Ndiwerenge maina? Mwana wa eni amve pagulu kuti mlongo wake anapita kumudzi pa ngongole?"

Apa m'pamene ndinamvetsa ovataimu ya Loweruka lililonse ija, imene ine ndinkayesa kuti akungothawa anthu. Akubweza pang'onopang'ono. Ndipo chiwongoladzanja cha mwezi woyamba wokha chinadya mapaundi 32 aja n'kupitirira. Phindu limene akutukwanidwira lija kulibe n'komwe, achemwali, ndipo iwo ankadziwa zimenezi ngakhale nthawi imene ankalankhula m'holo muja.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga kashibaki ija munaitchuliranji?"

Anati, "Anthu aja anali atalira mwezi wonse. Ndinkafuna ndiwauzeko chinthu chimodzi chabwino."

Ndinalira. Ndinawakalipiranso, chifukwa ndalama yotero munthu saitulutsa osauza mkazi wake, koma ndinkakalipa ndikulira. Ndinatenga foni kuti ndiimbire a Overton nthawi yomweyo. Anandigwira dzanja n'kundipempha kuti kugulu ndisanene kanthu. Akuti bola anthu aziwanena iwo, kusiyana n'kuti ayambe kulozana zala kuti sanapereke ndani. Akuti iwo ali ndi ntchito ndi banja, Phyllis watsala yekha. Ndinavomera, ndipo kugulu sindinena.

Koma ine ndimagona ndi kudzuka ndi munthu ameneyu, ndipo ndikumuona akutha. Ngongoleyo sikundiopsa, pofika Isitala tidzakhala titamaliza. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi dzina lawo. Kuno analibe china chilichonse chowaimika pakati pa anthu koma kukhulupirika kwawo, ndipo n'komwe kwapita. Mukadzamva kuti makhadi obweza timakobiri afika kumeneko, mudzakumbukire kuti ife tinasankha yabwino kuposa onse, masamu ake anali olondola, ndipo zatithera chonchi.

Pempho langa ndi ili. Phyllis amaimbira mayi ake Lamlungu lililonse, ndiye ndikudziwa kuti nawonso anamva kuti kuli bambo wina ku Hull amene anadyerapo pa mwana wawo. Mwina n'chifukwa chake munandifunsa muja. Chonde mupite kwa mayi a Watson, osati ku Mvano pagulu, koma kunyumba kwawo, mukakhale nawo pansi awiriwiri. Mukawauze kuti zopereka sizinakwane, ndipo chotsalacho akusenza ndi alamu anu mwakachetechete. Musakatchule dzina la aliyense amene sanapereke, makamaka la mwana wawo. Mukawauzenso kuti sitikufuna kubwezeredwa ngakhale tambala. Akamva, adzadziwa okha mmene angalankhulire ndi Phyllis. Zidzamupweteka, ndikudziwa, koma mawu ochokera kwa mayi ake sangamupweteke ngati ochokera pakamwa panga. Alamu anu akadzadziwa kuti ndinalemba zimenezi adzandikwiyira. Zimenezo ndithana nazo ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu kumeneko, kwa Clara ndi Agness, muwauze alimbikire sukulu. Mayi a Watson mukawapepesenso m'malo mwanga, mukawauze kuti mwana wawo tinamulira ngati wathu. Kondie akuti moni kwa amayi ake aakulu, wanena m'Chichewa nditamukakamiza.

Alamu anunso akuti moni wambiri. Andifunsa kuti ndikulemba chiyani masamba onsewa, ndawauza kuti ndi nkhani za akazi. Ali pabalaza pano, akupolisha nsapato zawo za kutchalitchi, ngakhale leronso sanapiteko. Apolisha, aziika pakhomo, n'kungoziyang'ana. Chonde achemwali, musachedwe. Ndikufuna Khirisimasi ino adzazivale.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Lettie